Phulusa Losagona

A Kapitawo anagwira ntchito ya misewu zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo palibe munthu amene anamalizapo mawu pamaso pawo. Ukangoyamba kuti, "Bwana, kutsogoloku kuli…" iwo anali atayankha kale kuti, "Ndikudziwa." Choipa chake n'chakuti nthawi zambiri ankadziwadi. Ankatha kuponda dothi ndi chidendene n'kukuuza kuti rola yotsendera msewu idutsepo kangati, ndipo ukayeza ndi makina unkapeza kuti sananame. Munthu wotere akapuma pantchito amavutika, chifukwa nzeru zija sizipuma naye limodzi. Zimangoyendayenda pakhomo kufuna wozimvera.

Koma pakhomo pawo pomwepo panali chinthu chochititsa manyazi. Kuchokera pageti kukafika pa kachipinda kosokeramo ka akazi awo panali mapazi makumi awiri okha, ndipo mvula ikagwa malo amenewo ankasanduka dambo. Makasitomala ankafika atanyamula nsapato m'manja. Mayiwo, amene aliyense mumsewumo ankawatchula kuti Mayi Telala, anali atayala matabwa awiri, zidutswa za njerwa ndi chitseko chakale cha kabati kuti anthu azipondapo. Chitseko cha kabaticho chinagwira ntchito imeneyi nthawi yaitali kuposa imene chinakhala pa kabati.

"Abambo," ankatero mayiwo chaka ndi chaka, "mwakonzera dziko lonse misewu, anthu akuyenda atavala zoyera. Ine mkazi wanu ndikusambira pakhomo panga pomwe."

"Ndikudziwa, amayi. Ndikangopuma pantchito ndidzakuyalirani bwalo loti muzidzayendapo ndi masokosi."

Anapumadi pantchito, chaka n'kutha, masokosi osaoneka. Kenako kunabwera mtsikana wina ndi azakhali ake kudzasoketsa diresi la ukwati. Mayi Telala anali atasoka mayunifolomu a sukulu osawerengeka, atasintha mazipi, atapinda mathalauza a amuna a eni ake mpaka maso kuchita chidima, koma diresi la ukwati anali asanapatsidwepo. Ankalilakalaka kuyambira ali mtsikana. Mtsikanayo anawakhulupirira. Azakhali aja ndiwo anaima pa chitseko cha kabati chija, n'kuyang'ana matope mbali iyi ndi iyo, mphuno itakwinyika.

"Kusoka mwina mumatha, mayi," anatero. "Koma diresi loyera lidzatuluka bwanji muno? Ukwati uli m'nyengo ya mvula."

Mawu amenewo anawalasa Mayi Telala. Alendo atapita anakapeza amuna awo pakhonde akuwerenga nyuzipepala, n'kuichotsa m'manja mwawo.

"Kwatsala miyezi itatu. Diresi limeneli likadzatuluka lakuda kapena mochedwa, palibenso adzandipatse lina mpaka ndidzafe. Nthawi ino musandiuze kuti mukudziwa. Ndionetseni."

Tsono banjali linali ndi mkamwini amene ankagwira ntchito kufakitale kumene amawotcha zinyalala za mumzinda. Kumeneko ng'anjo imayaka osazima, ndipo zonse zimene anthu amataya zimatuluka zili phulusa lokhakhala ngati timiyala. Kale phulusalo ankangolikwirira, koma tsopano ankaliyala pansi pa misewu m'malo mwa miyala ya kwale. A Kapitawo atamva koyamba anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Msewu wa matewera ndi makoko a nthochi?" Koma tsiku lina anakauponda msewu wotere ndi chidendene chawo chija, n'kubwerako ali chete. Kwa iwo kukhala chete kunali kuyamikira kwakukulu.

Mkamwiniyo anali munthu wabwino, koma anali ndi vuto limodzi. Ankayamba nkhani ndi moni, n'kudutsa mwaulemu m'mbalimbali, mfundo yeniyeni n'kuisungira kumapeto. Ikani munthu wotere patebulo limodzi ndi apongozi osadikira mapeto, muone ngati pangatuluke chanzeru.

"Bambo," anayamba Lamlungu lina atatha kudya, "ndamva za bwalo lija. Phulusa lathu lija likhoza kuthandiza, ndipo ife antchito amatilola kutengako pang'ono. Ndi lolimba bwino, limatsendereka mosavuta, kungoti pamafunika kuti…"

"Ndikudziwa, akamwini. Lembani kapepala."

"Eya, Bambo. Koma ndimati, ponena za milu ija, si yonse imene…"

"Akamwini, ine ndinayamba kuyala misewu inu musanamere mano. Phulusa ndi phulusa. Lembani."

Mkamwini analemba chilolezo. Pansi pake analemba ndi zilembo zazikulu kuti "Mulu wa nambala seveni," n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Ankaganiza kuti pepala limaliza zimene pakamwa palephera.

Lachiwiri a Kapitawo anapita ndi kalole kahayala. Mkamwini kunalibe, anali atatumidwa kukayeza msewu wina kunja kwa mzinda. Kuseri kwa fakitale kunali bwalo lalitali la simenti, milu ya phulusa itandandalikidwa pamzere, uliwonse uli ndi chikwangwani cha nambala ndi tsiku. Woyendetsa chimakina chokwezera phulusa atawaona anatsika msangamsanga n'kuvula chipewa, chifukwa ntchito anaiphunzirira m'manja mwa a Kapitawo omwewo kalekale. Anawerenga kapepala kaja n'kuwatsogolera mpaka kumapeto, pafupi ndi mpanda.

Mulu wa nambala seveni unali wonyansa, tisanamizane. Pamwamba unali utauma gwa, mvula itaukumba mizeremizere, udzu utamera m'mbali, mbalame zitaupaka zoyera. A Kapitawo anauyang'ana, kenako anatembenuka n'kuona mulu wina pafupi ndi khomo la fakitale, wa nambala fifitini, wooneka bwino, wofanana paliponse, ukufuka kanthunzi pang'ono. Mtima unawawawa. Anaganiza kuti mkamwini wasungira makampani aakulu phulusa labwino, iwo n'kuwaponyera zotsalira poti ndi nkhalamba yopuma pantchito.

"Uwu ndiye mulu umene mkamwini wanga wandisankhira? Woti ngakhale udzu waupeza? Kweza uwo."

"Bwana, uwo ngwa dzana. Sunagone, komanso sunadutse ku…"

"Ndikudziwa. Anakuphunzitsa kugwira fosholo ndani iwe?"

"Ndinu, bwana."

"Ndiye kweza."

Munthu uja anayang'ana ku ofesi, anaona kuli zii, n'kukweza. Pageti mlonda anawerenga pepala lonena za mulu wa seveni, anayang'ana phulusa, n'kutsegula. Nayenso ankakhulupirira kuti phulusa ndi phulusa.

Za ntchito imene a Kapitawo anaigwira pabwalo paja, chilungamo chinenedwe, inali yokongola. Anakumba, anakoka zingwe, anaika levulo. Anamanga kakhoma ka simenti kuzungulira bwalo lonse kuti pasadzapezeke njerwa yothawa. Phulusa analiyala mosanjikiza, akulithira madzi ambiri n'kumalisinja ndi chitsulo cholemera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pamwamba anathira mchenga, n'kuyala njerwa za simenti molukanalukana ngati mphasa, zothinana moti singano sikanalowa. Chitseko cha kachipinda kosokera chinali chachitsulo, chotsegukira kunja poti m'katimo munali mothina, ndipo kunsi kwake anasiya mpata wa chala chimodzi. Matabwa aja ndi chitseko cha kabati anaziponya kuseri kwa nyumba, akuti ntchito yawo yatha.

Tsiku lomaliza anaitana akazi awo, n'kuwauza kuti avule nsapato. Mayi Telala anayenda ndi masokosi kuchokera pageti mpaka pakhomo pa kachipinda kawo, n'kubwereranso, akuseka ngati kamtsikana. Anasangalala kuchokera pansi pa mtima, ndipo amuna awo anaona kuti akadali munthu wofunika. Anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona, ndipo aliyense amene analakwitsa kufunsa funso anachoka patatha ola lathunthu.

Lamlungu mkamwini anabwera, anayamikira ndi mtima wonse. Koma akuzungulira kuseri anaona kamulu ka phulusa lotsala, ndipo pamwamba pake panali supuni yakuda, yopindika. Anafukula ndi phazi n'kupeza tizidutswa ta zitini. Phulusa la mulu wa seveni linali litadutsa kale m'makina ochotsa zitsulo, ndipo supuni sikanapulumuka kumeneko. Anaitola n'kupita nayo pakhonde.

"Bambo, pepani, ndapeza supuni iyi, ndiye ndimadabwa kuti mwina…"

"Ndikudziwa. Imeneyo ndi basela. Kapatseni akazi anu azitakasira tiyi."

Onse anaseka, mkamwini nayenso anaseka kaulemu.

"Eya, Bambo. Koma ndimati, phulusa likakhala loti langotuluka kumene m'ng'anjo, ndiye mvula ikadzayamba…"

"Mvula? Dikirani."

A Kapitawo anakatunga ndowa yodzaza n'kuikhuthula pakati pa bwalo. Madzi anayenda mwaulemu, osaima paliponse, mpaka kukagwera mu ngalande ya kumsewu. Anayang'ana mkamwini wawo nsidze zili m'mwamba. Mkamwini anaika supuni m'thumba n'kunena kuti zikomo. Apa ine sindimuikira kumbuyo. Pali ulemu wina womuonerera munthu akulowera kudzenje poopa kumukoka malaya, ndipo ulemu umenewo ndi mantha chabe ovala jekete. Anadzitonthoza kuti mwina sizidzafika poipa, n'kupita kwawo.

Mvula inayamba. Sabata ziwiri zoyambirira bwalo linachita zodabwitsa, makasitomala akulowa nsapato zili mbee. Sabata yachitatu chitseko chinayamba kulira potsegula, khweee, chikukhula njerwa. A Kapitawo anati wowotcherera zitsulo amene anaika chitsekocho anali chidakwa, mahinjesi agwa. Anathira oilo, sizinathandize. Anatenga tupa n'kupala kunsi kwa chitseko, chinasiya kulira. Patatha masiku khumi chinayambiranso, ndipo ulendo uno anakabwereka galayinda yodulira zitsulo n'kudulako chala chathunthu.

"Abambo," anafunsa Mayi Telala ataima ndi sizasi m'manja, "kodi chitsekochi chikutalika, kapena pansipa ndi pamene pakukwera?"

"Pamene ndasinja ine sipakwera."

"Nanga tithovu timene timatuluka m'mipata ya njerwa mvula ikagwa? Ngati pansipa pali chinthu chikupuma."

"Ndikudziwa. Ndi mpweya chabe. Inu sokani, za pansi musiyire ife."

Mayiwo anasokadi. Diresi lija linawadyera masabata asanu ndi awiri. Anamangirira timikanda pachifuwa kamodzikamodzi ndi dzanja, anapinda m'munsi katatu asanakhutire, ndipo chovala cha kumutu anachisita ataikapo nsalu ina pamwamba kuopa kuchiwotcha. Mtsikana uja atabwera kudzayesa anadziyang'ana pagalasi n'kuyamba kulira. Azakhali aja analizungulira kawiri akufufuza ulusi wolendewera, osaupeza.

"Likhale konkuno," analamula. "Kwathu kwadzaza alendo ndi ana a manja a mafuta. Ndidzalitenga Loweruka la ukwati lomwelo, eyiti koloko m'mawa. Kutchalitchi n'leveni koloko. Musadzandichititse manyazi, mayi."

Diresi linavekedwa pa chidole chake pakati pa chipinda, chitseko n'kukhomedwa. Mawa lake kunabwera foni kuti mkazi wa mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala mumzinda wina, watsala pang'ono kuchira. Ananyamuka onse awiri, akuti abwerako Lachitatu la sabata yotsatira. Koma khanda silinali pa changu cha munthu aliyense. Lachitatu linadutsa, Lachinayi linadutsa, mwana n'kudzabadwa Lachisanu masana. Masiku khumi onsewo kunyumba kwawo mvula inali ikugwa osapuma. Loweruka anakwera basi yoyamba, ndipo hafu pasiti seveni anali akutsegula geti, ali ndi chimwemwe cha mdzukulu watsopano.

Chimwemwe chinathera pageti pomwepo. Bwalo lija linali litatupa. Pakati linali ndi mafundemafunde, koma pamene linakwera kwambiri ndi pakhomo pa kachipinda kosokera, pomwe madzi a padenga ankagwera. Pamenepo njerwa zinali zitatukuka ngati buledi wofufuma bwino, zitatsamira chitseko mpaka kuphimba kunsi kwake ndi chikhatho chathunthu. Mayi Telala anaponya chikwama, analowetsa kiyi, loko anatseguka bwinobwino. Anakoka chitseko, koma sichinasunthe ngakhale pang'ono.

A Kapitawo anakoka ndi manja awiri, phazi litaponda khoma, mpaka misempha ya m'khosi kuonekera. Anaganiza zochotsa mahinjesi, n'kukumbukira kuti iwo omwe ndiwo analamula kuti awotchereredwe poopa akuba. Mawindo anali ndi zitsulo, nazonso mwa lamulo lawo. Anayesa kuzula njerwa imodzi ndi sikuludiraiva, koma zinali zitapanikizana kwambiri chifukwa cha kakhoma kolimba kaja, moti sikuludiraivayo ndi imene inapindika. Kudzera pawindo diresi linkaoneka litaima phee pakati pa chipinda, loyera, lokongola, lopanda nkhawa.

"Tikhoza kulikola ndi mtengo wautali n'kulikokera m'zitsulomu," anatero a Kapitawo, thukuta lili kamukamu.

"Mukangolikhudza ndi mtengo, abambo, ine ndikubwerera kwa makolo anga. Sindisamala kuti anamwalira."

Eyiti koloko yeniyeni galimoto yomangidwa maliboni inaima pageti. Azakhali anatsika atavala kale za ukwati, chipewa chachikulu chili pamutu. Anayang'ana bwalo, anayang'ana chitseko, anasuzumira pawindo, n'kugwira m'chiuno.

"Ndinanena ine! Ndinamuuza mwana uja kuti tiyeni kusitolo, iye kakaka ndi telala wa mazipi. Ndiye akakwatiwe atavala chiyani, chinsalu cha patebulo?"

Mayi Telala sanakalipire amuna awo, ndipo chimenecho ndi chimene chinawapweteka a Kapitawo kuposa chilichonse. Anangokhala pansi pa chikwama chawo, misozi ikutsika, n'kunena motsitsa mawu, "Zaka makumi atatu ndakhala ndikusoka zigamba. Kamodzi kokha ndimati anthu aone kuti ndimatha." A Kapitawo anatsegula pakamwa, koma mawu awo a masiku onse aja sanatuluke. Anatulutsa foni m'thumba n'kuimbira mkamwini.

Sipanathe mphindi makumi awiri mkamwini anafika. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa piki, mgwala wachitsulo ndi mafosholo awiri.

"Mwazipeza kuti msanga chonchi?" anafunsa apongozi ake.

"Ndakhala ndikuyenda nazo m'galimoto chiyambireni mvula, Bambo."

Anavula jekete kuti ayambe kukumba, koma a Kapitawo anatambasula dzanja. "Bweretsani kuno. Ndinayala ndine." Anthu oyandikana nawo, omwe aja anaphunzitsidwa ola lathunthu za kayalidwe ka njerwa, anali atadzaza pampanda. A Kapitawo anakweza piki n'kumenya pakati penipeni pa ntchito yawo yokongola ija. Kachitatu njerwa imodzi inasweka, zinzake n'kudumpha zokha ngati zimangodikira chilolezo. Pansi pake phulusa linali litafufuma, lili ming'aluming'alu, likununkha ngati sopo woipa.

Anakumba awiriwo, wina piki wina fosholo, azakhali akuwerenga mphindi mokweza. Itatsala pang'ono kukwana teni koloko, chitseko chinatseguka. Anthu pampanda anawomba m'manja. Koma tsopano pakhomo panali dzenje la matope otuwa, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pageti panali phulusa lonyowa lomwazikana paliponse. Azakhali anayang'ana nsapato zawo, n'kuyang'ana diresi.

"Latseguka, inde. Nanga lituluka bwanji?"

Mayi Telala anaimirira n'kupukuta m'maso. "Abambo, matabwa anga aja munawaika kuti?"

A Kapitawo anapita kuseri kwa nyumba. Anabwerako atasenza matabwa awiri, n'kubwereranso kukatenga chitseko cha kabati chija, n'kuchiyala okha pamwamba pa dzenje. Mayiwo anakulunga diresi m'nsalu ya pabedi yoyera, analinyamula m'mwamba ndi manja awiri, n'kuyenda pa mlatho wawo wakale mosatekeseka, monga munthu amene wauwoloka zaka makumi atatu. Diresi linalowa m'galimoto lopanda kadontho. Azakhali anawakokera mayiwo m'galimoto momwemo kuti akamuveke mkwatibwi, ndipo galimoto inanyamuka matayala akulira.

Anthu anabalalika. Pabwalo panatsala amuna awiri atakhala pa mulu wa njerwa zosweka, matope mpaka m'mawondo. Kenako a Kapitawo anakanda pakhosi.

"Akamwini, mawu anu aja munayamba miyezi itatu yapitayo. Malizani."

"Eya, Bambo. Ndimati phulusa lathu lija ndi lolimba bwino, kungoti pamafunika kuti…" Anaima pamenepo mwachizolowezi, kudikira kudulidwa. Palibe anamudula. Anayang'ana apongozi ake, n'kupitiriza mwamantha ngati munthu woyenda m'nyumba ya eni ake. "Pamafunika kuti ligone kaye. Likangotuluka m'ng'anjo limakhala lisanathe ukali. Mumakhala tizidutswa ta zitini za zakumwa ndi timapepala tonyezimira tija tokutira zakudya. Timeneto tikakumana ndi madzi m'kati mwa phulusa timatulutsa mpweya, ndiye phulusa limatupa. N'chifukwa chake timayamba talidutsitsa m'makina ochotsa zitsulo, kenako timaliunjika panja miyezi itatu kapena kuposa, mvula izilimenya, mphepo izilipita, ife tikulitembenuza. Limatupira komweko mpaka kutopa. Likatero mukhoza kuyalapo msewu, silisunthanso."

"Ndiye mulu wonyansa uja…"

"Unali utagona miyezi isanu, Bambo. Udzu ukayamba kumera ndiye kuti ukali watha. Makampani amaulimbirana umenewo. Ndinachita kupempha kwa abwana kuti akusungireni."

A Kapitawo anayang'ana pansi. Anachita manyazi kawiri, poyamba chifukwa cha bwalo, kachiwiri chifukwa anamuganizira zoipa munthu amene anawasankhira chabwino koposa. Anatola kachidutswa ka chitini m'matope n'kukatembenuza m'manja.

"Ndipo ine ndinalithira madzi ambiri, n'kulimangira khoma kuti lisowe kothawira."

"Munalisinja bwino kwambiri, Bambo. Likanakhala losinjidwa mwaulesi mpweya ukanapeza potulukira. Inenso ndinalakwa. Tsiku la supuni lija ndikanaumirira."

"Mukanaumirira ndikanakuthamangitsani." Anapumira m'mwamba. "Akamwini, zimenezi ine sindimazidziwa."

Mkamwini anatsala pang'ono kugwa pa njerwa paja. Pambuyo pake anauza mkazi wake kuti akanakonda pakanakhala mboni, chifukwa mkaziyo anakana kwamtuwagalu kuti bambo ake angatulutse mawu oterowo.

Mayi Telala anabwerako madzulo atanyamula keke m'kapepala. Mkwatibwi anali atalowa m'tchalitchi mochedwa ndi mphindi khumi zokha, zomwe pa ukwati sizitchedwa kuchedwa, ndipo amayi awiri anali atawafunsa kale nambala ya foni. Ngakhale azakhali aja ankauza anthu kuti telalayo anamupeza ndi iwo. Mayiwo anapatsa amuna awo keke ija, n'kuyang'ana dzenje lija.

"Ndiye masokosi aja ndivalenso liti?"

"Ndifunsa akamwini," anayankha a Kapitawo.

Mvula itatha anafukula bwalo lonse, phulusa losagona lija n'kulibweza kufakitale kuti likagone ndi anzake. Ulendo uno anapita limodzi ndi mkamwini, ndipo a Kapitawo anasankha okha mulu wonyansa kuposa yonse, wa udzu wofika m'mawondo. Woyendetsa chimakina uja anakweza akumwetulira. Bwalo latsopano ladutsa m'nyengo zitatu za mvula tsopano, ndipo lili phwatalala ngati tebulo.

Chitseko chokha ndicho sichinasinthidwe. Paja anachidula ndi galayinda, ndiye pansi patabwerera m'malo mwake kunsi kwake kunatsala mpata woti mwana wa mphaka amalowa osawerama. A Kapitawo anafuna kuitana wowotcherera zitsulo kuti adzalumikize, koma Mayi Telala anakana. Amatsekapo ndi zidutswa za nsalu, akuti mpatawo uli ndi ntchito yake. Masiku ano mlendo akayamba kufotokoza kanthu, a Kapitawo n'kuyamba kuti "Ndiku…", mayiwo amangoloza kunsi kwa chitseko ndi sizasi, ndipo bambo aja amatseka pakamwa mpaka mlendoyo amalize.

Nzeru a Kapitawo anali nazo, ndipo palibe angawalande. Chimene chinawatsekera kunja ndi mawu ochepa chabe a kumapeto kwa nkhani, amene anakana kuwadikira kwa anthu atatu osiyana. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene ankati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.